Dzira Lomwe Ndinajambula pa Bolodi

Ana anga, za ubwana wanga mwazimva kokwanira pakhonde, sindizibwereza. Ndiyambira pomwe ndinagwira choko koyamba. Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi ziwiri m'sukulu zitatu za pulayimale m'dera lathu lino, ndipo sindinajombepo popanda chifukwa. Koma pali phunziro limodzi lomwe ndinaphunzitsa molakwika kwa zaka makumi awiri ndi zinayi. Ndikufuna mumve nkhaniyi kuchokera kwa ine mwini, chifukwa ena akamaifotokoza amathira mchere wambiri.

Ku Nambuma, 1983

Ndinafika ku Nambuma pa lole ya feteleza, nditanyamula sutikesi yamalata, mphasa ndi kapoto kamodzi. Ahedi anga oyamba anali a Lungu, bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, amene ankayenda atamangirira makiyi a kabati ya mabuku pa lamba. Anandipatsa Sitandade 7. Mabuku a ana kunalibe. Buku la mphunzitsi la za malo ndi nyengo linalipo limodzi, koma chiswe chinali chitalidya kuyambira m'munsi, moti masamba ambiri anatsala theka lam'mwamba lokha.

Teremu yachiwiri ndinafika pa mutu wa momwe dziko limazungulirira dzuwa ndi chifukwa chake nyengo zimasintha. Ku koleji mutuwu tinaudumpha, mphunzitsi wake atadwala. Pa tsamba lake panali chithunzi: dzuwa pakati, dziko litajambulidwa kanayi molizungulira, ndipo njira yoyendamo dzikolo inali yotalika m'mbali ngati dzira logonekedwa. Maina a miyezi ankaoneka bwino. Juni ndi Disembala anali kunsonga ziwiri za dziralo, kutali ndi dzuwa. Malichi ndi Seputembala anali pafupi nalo. Mawu ofotokozera chithunzicho, amene anali m'munsi mwake, ndiwo anapita m'mimba mwa chiswe.

Ndinapita nalo bukulo kwa a Lungu. Analiyang'ana atalitalikitsa ndi maso, n'kundibwezera.

"Aphunzitsi, wochokera ku koleji ndinu. Ine ndimati ndizifunsa inu."

Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo mawu amenewo anandikweza mapewa. Ndinakhala pansi n'kuiganizira ndekha nkhaniyo. Juni kumazizira, ndipo pachithunzipo Juni ali kutali ndi dzuwa. Seputembala kulowa Okutobala kumatentha mpaka nkhuku kuyenda kukamwa kuli yasa, ndipo pachithunzipo ndi pomwe dziko layandikira. Zinalowana bwinobwino. Disembala ndi Malichi ankandivutako, koma ndinawapezera chonena: Disembala tatalikira, n'chifukwa chake kutentha kumachepa mvula n'kugwa, pomwe Malichi tayandikiranso koma mitambo imatitchinga. Ndinagula kope lachikuto chakuda cholimba, n'kujambulamo dzira langa mosamala ndi inki yamitundu iwiri, n'kulemba m'munsi mwake kuti nyengo zimasintha chifukwa dziko nthawi zina limayandikira dzuwa, nthawi zina limatalikira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa kamodzi, kwa munthu mmodzi, n'kuyesa kuti ndafunsa.

Ku Mpingu ndi ku Kabudula, 1989 mpaka 2006

Ku Mpingu ndinakhalako zaka zinayi. Ndi komwe ndinakwatira mayi anu, ndipo iwe Lute ndi iwe Yohane munabadwira komweko, m'nyumba ya aphunzitsi yomwe inkadontha pabalaza penipeni. Mu 1993 anandisamutsira ku sukulu ina ya ku Kabudula, ndipo kumeneko ndi komwe ndinakhala mpaka kupuma ntchito.

Pofika nthawi imeneyi phunziro lija ndinali nditalitulutsa m'kalasi. Ana ankabwera ndi phulusa kuchokera kwawo, ndipo tinkajambula nalo mizere yozungulira pabwalo la mpira. Mwana mmodzi ankaima pakati atasenza beseni lofiira, ndiye dzuwa. Ena ankakhala mapulaneti, aliyense pamzere wake. Woyandikira dzuwa ankathamanga, wakutali kwambiri ankayenda monyang'wa ngati mkulu wa mpingo akupita kutsogolo ndi mbale ya zopereka. Mbali imeneyo inali yoona, ndipo mpaka lero ndi yoona: pulaneti yoyandikira dzuwa imamaliza ulendo wake msanga, yakutali imatenga zaka. Koma mzere wa dziko lathu ndinkaujambula ndekha, dzira lalikulu lotalika. Mwana woimira dziko akafika pafupi ndi beseni ankadzikupiza ndi dzanja, kalasi yonse n'kufuula kuti, "Okutobala!" Akafika kunsonga ankanjenjemera mano gwegwede, onse n'kufuula kuti, "Juni!" Ana ankalikonda phunziro limeneli, ndipo palibe ankaliiwala.

Sukulu itakhala yaulere mu 1994, ana anasefukira. Makalasi ena anali pansi pa mitengo, ndipo kunabwera aphunzitsi ambiri achinyamata amene anali asanapite ku koleji. Mabuku analibe. Njira yomwe tinali nayo inali imodzi: wamng'ono ankabwereka manotsi a wamkulu n'kukopera. Kope langa lakuda linkachoka Lachisanu litakulungidwa m'pulasitiki, litamangidwa pa keliya ya njinga, n'kubwera Lolemba. Amene wakoperayo ankabwereketsanso lake kwa mnzake wa sukulu ina. Pasanapite zaka zambiri, m'zoni mwathu munalibe sukulu yopanda mwana kapena mdzukulu wa kope langa. Anzanga anayamba kunditcha a Sayansi. Ndinkakana ndi pakamwa pokha, mtima ukuvina.

Mmodzi mwa achinyamata amene anakopera chaka chimenecho anali a Kamtema. Anali wakhama, anapita ku koleji pambuyo pake, anakwera msanga, ndipo mu 2003 anabweranso pasukulu yathu ngati ahedi anga. Sanandipondeko ngakhale kamodzi. Ankanena poyera kuti anaphunzira uphunzitsi m'kope langa, ine Chikadza, ndipo alendo akabwera ankawatengera kubwalo la mpira kuti akaone dzira laphulusa.

Juni 2007

Chaka chimenecho anatitumizira mtsikana wa ku koleji kudzayeserera kuphunzitsa, dzina lake Agnesi Mbewe, wa ku Namitete. Ine ndinasankhidwa kukhala womuyang'anira. Ntchito yanga inali kukhala kumbuyo kwa kalasi, kumuwongolera, ndi kudzaza fomu yonena za kaphunzitsidwe ndi khalidwe lake. Fomu imeneyo inkapita ku koleji, ndipo inali yolemera. Woyang'anira ndi ahedi akalembamo kuti wophunzira ndi wamwano ndipo satsata zomwe wauzidwa, ulendo wake wa uphunzitsi unkathera pomwepo. Agnesi anali atadikira zaka zinayi kunyumba atamaliza Fomu 4, akulima fodya ndi mayi ake, dzina lake lisanatuluke ku koleji.

Anali mtsikana wofatsa, wolemba bwino pa bolodi. Sabata yoti aphunzitse za nyengo isanafike, anabwera kwa ine nthawi ya buleki atanyamula kope langa.

"Aphunzitsi, pa tsamba ili ndili ndi funso."

"Funsani, madamu."

"Ku koleji anatiphunzitsa mosiyanako. Akuti si kuyandikira ayi, koma kupendekeka kwa dziko."

Ndinaseka. "Madamu, kope limeneli ndi lalikulu kuposa inu. Linabadwa inu musanabadwe. Kaphunzitseni zomwe zalembedwamo."

Anati zikomo, n'kuchoka. Ine ndinaiwala.

Lachiwiri lotsatira m'mawa kunali chisanu cha Juni chenicheni, ana atabisa manja m'khwapa. Ndinakhala kumbuyo kwa Sitandade 7, ndipo a Kamtema analowanso kudzaonerera. Agnesi sanajambule dzira. Anaika ndowa patebulo n'kunena kuti ndiyo dzuwa. Anatulutsa lalanje lomwe analibaya ndi sipoko ya njinga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kulipendeketsa pang'ono. Kenako anayamba kuzungulira tebulo, sipoko ija ikulozabe kona imodzimodzi ya denga. Atafika mbali ina, theka lapansi la lalanje, pomwe anali atalemba kadontho koimira Malawi, linayang'anizana bwino ndi ndowa. Atafika mbali inayo, kadontho kaja kanali katapendekera kwina. Anafotokoza kuti mbali ya dziko yomwe yapendekera ku dzuwa imalandira dzuwa lolunjika ndi usana wautali, ndipo yomwe yapendekera kwina imalandira dzuwa lam'mbali.

Mtsikana wina wobwereza kalasi, amene ndinamuphunzitsa chaka chathacho, anakweza dzanja.

"Madamu, koma a Chikadza anati Juni kumazizira chifukwa tili kutali ndi dzuwa."

Agnesi sanandiyang'ane. Anayankha modekha kuti, "Taganizani. Wailesi ikunena kuti ku Ulaya pano kukutentha, ife kuno tavala majuzi. Dziko ndi limodzi. Kukanakhala kuti ndi kutalikira, tonse tikanazizidwa limodzi. Njira ya dziko si dzira lotalika ayi, ili pafupi kukhala yozungulira ngati mkombero wa lichero."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo komwe ndinakhala. Ndinayang'ana fomu yomwe inali pamiyendo panga, ndipo ndikuuzani zoona, nthawi imeneyo ndinamuda mwana wa eni ake.

Belu litalira a Kamtema anandiitanira ku ofesi n'kutseka chitseko. Anali atakwiya kuposa ine.

"Mwana wadzulodzulo kukunyozani pamaso pa ana! Munamuuza chochita eti?"

"Ndinamuuza."

"Ndiye wachitira dala. A ku koleji abwera Lachisanu kudzatenga mafomu. Lembani kuti satsata manotsi ndipo alibe ulemu kwa akuluakulu. Ine ndisayina."

Ndinavomera ndi mutu. Nditatuluka ndinapeza Agnesi ataima pakhonde, atafumbata buku lake la ku koleji. Maso anali ofiira. Anagwada pang'ono.

"Aphunzitsi, pepani. Sindinafune kukuchititsani manyazi. Koma sindikanatha kuwauza ana zomwe ndikudziwa kuti si zoona. Chonde mukaone tsamba lomwe ndapindalo."

Ndinalilandira bukulo n'kuliponya m'chikwama.

Masana amenewo ndinapeza mayi anu akuyanika ufa pamphasa kumpoto kwa nyumba, pafupi ndi khola la nkhunda, komwe nkhuku zinkavuta kwambiri. Popeza ndinali nazo kale zanga mumtima, ndinawakalipira.

"Bwanji osayanika kuseri uku komwe mumayanika masiku onse?"

"Masiku onse ati, bambo a Lute? Kuseriko n'kwa nthawi ya Khirisimasi, mvula ikapereka mpata. Miyezi ino kumeneko kumakhala mthunzi wa nyumba tsiku lonse. Dzuwa la Juni limadutsa cham'munsi, mbali ya kumpoto. Inu a Sayansi simudziwa zimenezo?"

Ananena moseka, akuthamangitsa nkhuku ndi kamtengo. Ine ndinayang'ana mthunzi wa nyumba. Zaka zonsezo ndinkakhala m'nyumba imeneyo, ndipo sindinaonepo kuti mthunzi wake umasintha mbali. Dziko likanakhala kuti limangoyandikira ndi kutalikira, dzuwa likanadutsa njira imodzimodzi pamwamba pa denga lathu chaka chonse. Dzira langa silikanatha kufotokoza mphasa ya mayi anu. Lalanje la Agnesi linkaifotokoza.

Ndinakhala pampando wapakhonde n'kutsegula buku lija pomwe anapinda. Ana anga, panali chithunzi chomwe chija cha ku Nambuma: dzuwa pakati, dziko kanayi, njira yonga dzira. Koma m'munsi mwake munali mawu amene chiswe chinadya. Ankanena kuti njirayo yajambulidwa ngati munthu akuiyang'anira cham'mbali, monga lichero limaonekera lotalika ukaliyang'ana mopingasa. Ankanenanso kuti kusiyana kwa mtunda n'kochepa, kuti dziko limayandikira dzuwa kwambiri mu Januwale osati mu Okutobala, ndipo kuti chosintha nyengo ndi kupendekeka. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti pa dziko lililonse mwa anayiwo panali kamzere kopendekeka kolibaya pakati. Timizere timeneti tinaliponso m'buku la a Lungu. Ine ndinkatiyesa tokongoletsa.

Lachitatu ndi Lachinayi fomu inakhala m'chikwama yosalembedwa. Ndisanamize kuti ndinali munthu wolimba mtima. Ndinaganizapo zolemba mawu apakatikati, oti mtsikanayo adutse movutikira koma dzina langa litsale loyera. Ndinaganizaponso zongosintha kope langa mwakachetechete. Koma makope ena aja anali m'sukulu zonse za m'zoni, ndipo a Kamtema ankadikira kusayina mawu oti mwano. Kuti Agnesi apulumuke, pankafunika wina alembe poyera kuti wolakwa ndani.

Lachisanu m'mawa ndinaika fomu patebulo la ahedi. Ndinalembamo kuti wophunzirayu amakonzekera bwino, ndi waulemu, ndipo pa phunziro la nyengo anaphunzitsa zoona pomwe manotsi a womuyang'anira anali olakwika. A Kamtema anawerenga kawiri.

"A Chikadza, mukudziwa chomwe mwalemba apa? Mukunena kuti zoni yonse yakhala ikuphunzitsa bodza."

"Eya."

"Ndi ine yemwe."

"Inu munakopera. Wopeka ndine."

"Dzina lanu ndalipereka kale kuti mudzatsogolere maphunziro a aphunzitsi a sayansi m'zoni muno tchuthi chikubwerachi. A ku koleji akawerenga izi, zimveka paliponse."

"Zimveke. Mwana wa eni ake abwerere kukalima fodya chifukwa cha chiswe cha ku Nambuma?"

Sanamvetse za chiswezo, ndiye ndinawafotokozera zonse kuyambira pachiyambi, n'kuwaonetsa buku. Anayang'ana tsambalo akutembenuza cholembera m'manja. Kenako anati, "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," n'kusayina. Koma sabata yonse yotsatira ankandipatsa moni wapakamwa pokha.

Kumapeto kwa mwezi kunali msonkhano wa aphunzitsi a m'zoni. Ndinapempha mphindi khumi. Ndinaima kutsogolo kwa anthu amene ambiri a iwo anakopera kope langa, n'kuwauza kuti tsamba la dzira lija aling'ambe. Poyamba anayesa nthabwala. Mphunzitsi wina wa sukulu ya kufupi ndi Nsaru anafunsa kuti, "Ndiye a Sayansi, masamba enawo tiwakhulupirire?" Anthu anaseka, koma funsolo linali loona ndipo linandipweteka. Ndinayankha kuti aliyense afufuze yekha, asakhulupirire chifukwa choti walemba ndi Chikadza. Kenako ndinaitana Agnesi kuti aonetse lalanje lake, ine n'kugwira ndowa.

Maphunziro a patchuthi aja anatsogolera munthu wina, ndipo sanandisankhenso chaka china chilichonse. Kope langa linasiya kukwera njinga. Dzina la a Sayansi linatsala, koma linayamba kutchulidwa ndi kamwetulira kena. Agnesi anakhoza. Zotsatira zitatuluka anabwera kunyumba ndi nkhuku yoyera ndi mayi ake, ndipo mayi akewo anathokoza mayi anu nthawi yaitali kuposa ine, zomwe ndinaona kuti n'zoyenera. Lero akuphunzitsa kwawo ku Namitete.

Nditapuma ntchito, 2015 mpaka lero

Zaka zisanu ndi zitatu zomaliza ndinaphunzitsa ndi lalanje. Ndinkayesa kuti nkhaniyi inathera pamenepo. Koma Okutobala wapitayu ndinapita ku msika wa pa Nsaru kukagula mbewu ya mtedza, dzuwa likuswa mtengo. Wogulitsayo anali bambo wa imvi zoyambirira m'ndevu. Atandiyang'anitsitsa anavula chipewa.

"Aphunzitsi a Chikadza! Simungandikumbuke. Ndinali dziko, chaka chomwe tinali pansi pa mtengo wa mbawa."

Tinagwirana chanza, n'kufunsana za kunyumba. Kenako anapukuta thukuta, n'kuloza kumwamba monyadira.

"Tayandikira eti, aphunzitsi? Okutobala! Ine sindinaiwale. Ana anga ndimawauza zomwezo. Akamabwera ndi zina za kusukulu ndimati ayi, ine anandiphunzitsa ndi a Sayansi enieni."

Ndinabwereka phwetekere kwa mayi wogulitsa pambali pake, n'kumubaya ndi kachitsotso, n'kuzungulira thumba la mtedza pakati pa msika, anthu akundiyang'ana. Ndinamuuza kuti ndinamuphunzitsa zolakwika, kuti ana ake ndiwo akunena zoona, ndipo kuti andikhululukire. Anamvetsera mwaulemu mpaka ndinamaliza. Kenako anandiyezera mtedza, n'kuwonjezera kadzanja kabasera.

"Aphunzitsi, mwakalamba, mwayamba kudzikayikira. Zija munatiphunzitsa zija zinali zomveka bwino."

Sindinathe kumusintha maganizo. Ndinamuphunzitsa bwino kwambiri. Ndiye ana anga, mukadzakumana ndi munthu wa ku Nambuma, ku Mpingu kapena ku Kabudula amene akulimbikira kuti Juni kumazizira chifukwa dziko latalikira dzuwa, musadzamuseke. Ameneyo ankamvetsera m'kalasi.